Mabenchi Atatsala Opanda Eni Ake

Sabata ino mwayi wolemba wagwera ine, ndiye mundipirire poti dzanja langali linazolowera kuyeza nyemba ndi mpunga kuposa kulemba. Nkhani yomwe ndabwera nayo ndi yakutali, ya ku America, komanso ndi yakale, ya mu 1942. Koma mukafika nayo kumapeto mumvetsa chifukwa chake yakakamira mumtima mwa munthu wa mumsika ngati ine.

Ndiyambe ndi chithunzi. Tsiku lina makasitomala atasowa, ndikungoseweretsa foni pabenchi, ndinakumana ndi chithunzi chakale cha golosale ya mumzinda wa Oakland, ku California. Kutsogolo kwa golosaleyo kuli chikwangwani chachikulu cha m'Chingerezi chonena kuti mwini wake ndi wa ku America. Pamwamba pake pali china chonena kuti malowo agulitsidwa. Anajambula ndi mayi wina, Dorothea Lange, mu Malichi 1942. Mwini golosaleyo anali wa mtundu wa Chijapani, munthu wophunzira mpaka ku University of California. Chikwangwani choyambacho anachikhoma pa 8 Disembala 1941, kuti anthu odutsa adziwe mbali yomwe iye ali. Sichinamuthandize.

Wina akaona chithunzichi amaona nkhondo ndi ndale. Ine maso anga anathamangira pa chikwangwani chapamwambacho. Anagula ndani? Pa mtengo wanji? Nanga katundu wa m'mashelefu ndi ngongole za makasitomala zolembedwa m'kabuku zinathera kuti? Mafunso amenewa ndi amene anandithera bandulo ya sabata yonse.

Amene tinakhalako m'kalasi ya Histori ku sekondale tikukumbuka kuti pa 7 Disembala 1941 ndege za Japan zinaphulitsa doko la asilikali a America ku Pearl Harbor, ku Hawaii, n'kupha anthu oposa 2,400. Tikukumbukanso Hiroshima ndi Nagasaki. Izo tinaloweza kuti tikhoze mayeso. Chimene ine sindinachimve m'kalasi n'chakuti patangopita miyezi yochepa, boma la America linachotsa m'nyumba zawo anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa Chijapani n'kuwatsekera m'misasa yozingidwa ndi waya waminga. Mwa anthu atatu alionse, awiri anali nzika za America zobadwira komweko. Palibe amene anaimbidwa mlandu kapena kuonekera kukhoti asanatengedwe.

Anthuwa sanali alendo obwera dzulo ayi. Makolo awo, omwe m'Chijapani amatchedwa Issei, anayamba kufika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Hawaii, m'njanji, m'macheka a matabwa ndi m'minda ya azungu. Lamulo silinkawalola kutenga unzika wa America, ngakhale munthu atakhalako zaka 40. Mu 1913 dera la California linakhazikitsa lamulo loti munthu wosaloledwa kukhala nzika asakhale ndi malo akeake, ndipo mu 1924 khomo linatsekedwa, Ajapani ena osalowanso. Ana awo, otchedwa Nisei, anali nzika chifukwa chobadwira m'dzikomo. N'chifukwa chake mabanja ena ankalembetsa munda m'dzina la mwana.

Ngakhale zinali choncho, anthuwa anadziwika ndi ulimi wa ndiwo zamasamba ndi zipatso. Ankatenga malo oti ena awakana n'kutulutsapo tomato, letesi, anyezi ndi sitiroberi. Ena anali asodzi, ena a magolosale, ena a mahotela ang'onoang'ono. Mumzinda wa Seattle muli msika wotchuka wa Pike Place, womwe unatsegulidwa mu 1907 kuti alimi azigulitsa okha zokolola zawo popanda wapakati. Pofika nthawi ya nkhondoyi, ambiri mwa alimi ogulitsa pamabenchi a msikawo anali Ajapani. Ankadzuka usiku, kupakira katundu, kukafika mbandakucha n'kuyala. Inu ogulitsa anzanga a pagulu pano, moyo umenewo mukuudziwa.

Bomba litangogwa ku Pearl Harbor, apolisi a FBI anagwira amuna oposa 1,200 a Chijapani m'masiku ochepa: aphunzitsi, ansembe a Chibuda, atsogoleri a mabungwe ndi eni mabizinesi. Ndalama za ambiri zinatsekedwa kubanki. Mphekesera zinayamba kuuluka zoti alimi akupereka zizindikiro kwa ndege za adani, zoti asodzi akulankhula ndi sitima zankhondo. Chonsecho mwezi umodzi nkhondo isanafike, munthu yemwe boma linamutuma kukafufuza, Curtis Munson, anali atalemba lipoti loti anthuwa ndi okhulupirika ku America. Lipotilo silinasinthe kanthu. Pa 19 Febuluwale 1942, Pulezidenti Franklin D. Roosevelt anasaina lamulo lotchedwa Executive Order 9066, lopatsa asilikali mphamvu zochotsa munthu aliyense m'dera lomwe iwo asankha. Lamulolo silinatchule mtundu wa anthu. Koma mkulu wa asilikali kumadzulo kwa dzikolo, John DeWitt, ankadziwa omwe akuwafuna.

Asodzi a pachilumba cha Terminal, pafupi ndi Los Angeles, anapatsidwa maola 48 okha kuti asamuke. Ambiri mwa amuna anali atagwidwa kale, ndiye omwe anavutika ndi katundu anali amayi ndi ana. Pachilumba cha Bainbridge, pafupi ndi Seattle, zikalata zinakhomedwa pa 24 Malichi, ndipo pa 30 Malichi anthu 227 anakwezedwa pachombo, asilikali a mfuti ali pambali. Sitiroberi anazisiya m'munda zisanapse. Kenako zikalata zomwezo zinafalikira m'California monse, kumadzulo kwa Oregon ndi Washington, mpaka kummwera kwa Arizona. Lamulo linali limodzi: tenga zokhazo zomwe manja ako anganyamule.

Apa ndi pomwe ndikufuna tiime pang'ono, abale anga. Aliyense amene anagulitsapo chinthu akudziwa kuti mtengo umayendera nthawi. Tomato wa m'mawa ndi wa madzulo mtengo wake ndi wosiyana, chifukwa wogula amadziwa kuti sungabwerere naye kunyumba. Ndiye taganizani munthu amene wapatsidwa sabata imodzi kuti agulitse moyo wake wonse: galimoto, thalakitala, firiji, mipando, shopu ndi katundu yense, mbewu zili m'munda. Wogula aliyense akudziwa tsiku lomwe basi ikubwera. Anthu ankayenda khomo ndi khomo kutchula mitengo yoseketsa, ndipo ukakana lero ankabweranso mawa ndi mtengo wotsika kuposa apo. Alipo amayi omwe anasankha kuswa mbale zawo zadothi m'malo mozipereka pa mtengo wachipongwe. Ogulawo sanabe. Analipira, mwina anapatsidwa ndi lisiti lomwe. Kwawo kunali kutola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Mwina mukuti, koma inali nkhondo, boma limayenera kuchita mantha. Mantha analipo ndithu. Koma tamvani izi. Mu Meyi 1942, magazini ya Saturday Evening Post inalemba zomwe ananena Austin Anson, mkulu wa bungwe la alimi ndi ogulitsa ndiwo zamasamba ku Salinas, ku California. Iye anavomera poyera kuti ankafuna Ajapani achoke pa zifukwa za dyera, ndipo sankafuna kuti adzabwerenso nkhondo ikatha. Tamvaninso izi. Ku Hawaii, komwe bomba linagwa, kunali anthu a mtundu wa Chijapani oposa 150,000, kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu onse a kumeneko. Omwe anatsekeredwa sanafike 2,000. Chifukwa chachikulu n'chakuti kuwachotsa onse kukanaimitsa minda, madoko ndi ntchito zina. Komwe ankafunika ngati antchito anawasiya. Komwe anali opikisana nawo pamsika anakhala oopsa. Ajeremani ndi Ataliyana, omwe maiko awo analinso pankhondo ndi America, ena anatsekeredwa mmodzimmodzi, koma sanasesedwe mtundu wonse.

Ku Pike Place mabenchi ambiri anangoti zii. Anthu omwe anagulitsa moyandikana kwa zaka, obwerekana chenje, osungirana katundu wina akapita kukadya, anadzuka tsiku lina n'kupeza mbali inayo kulibe munthu. Chiwerengero cha alimi ogulitsa pamsikawo chinatsika kwambiri, ndipo sichinabwererenso mwakale nkhondo itatha.

Anthu otengedwawo banja lililonse linapatsidwa nambala, ndipo kapepala ka nambalayo kankamangidwa pa sutikesi ndi pa chovala cha munthu, ndi khanda lomwe. Misasa yeniyeni inali isanathe kumangidwa, ndiye anayamba asungidwa m'mabwalo a zionetsero ndi a mpikisano wa mahatchi. Ku Santa Anita ndi ku Tanforan, ku California, mabanja ankagona m'makola a mahatchi ongopakidwa laimu, fungo la ndowe likadali momwemo. Munthu ankapatsidwa thumba kuti adzazemo udzu wouma, ameneyo ndiye matiresi.

Patapita miyezi anawakweza sitima, makatani a mawindo atatsekedwa, kupita ku misasa khumi ya kumadera akutali: Manzanar ndi Tule Lake ku California, Poston ndi Gila River ku Arizona, Topaz ku Utah, Minidoka ku Idaho, Heart Mountain ku Wyoming, Amache ku Colorado, Rohwer ndi Jerome ku Arkansas. Yambiri inali m'chipululu, kotentha koopsa m'chilimwe n'kuzizira koopsa m'nyengo yachisanu. Nyumba zake zinali zazitali za matabwa, zokutidwa ndi pepala la phula, zogawidwa m'zipinda. Banja lonse chipinda chimodzi, babu limodzi, fumbi likulowa m'ming'alu. Kudya kunali kwa pamzere, kusamba pamzere, ndipo poyamba zimbudzi zambiri zinalibe zotchinga pakati. Taganizani agogo aakazi a zaka 70 pamalo otero. Ku Manzanar anasonkhanitsako ngakhale ana amasiye okwana 101. Boma linkati likuwateteza, koma mfuti za pansanja zinaloza mkati.

Munthu wozolowera ntchito sakhala manja lende. M'misasamo anatsegula sukulu, matchalitchi, akachisi, nyuzipepala ndi mashopu a makopaletivi. Anakumba ngalande n'kulima m'chipululu momwemo mpaka misasa ina inkatumiza ndiwo ku misasa inzake. Malipiro anali madola 12, 16 kapena 19 pamwezi, ndipo 19 anali a dokotala. Koma waya unali waya basi. Pa 11 Epulo 1943, ku Topaz, bambo wa zaka 63, James Wakasa, anaomberedwa n'kufa ndi msilikali wa pansanja akuyenda pafupi ndi mpanda, mkati mwa msasa. Khoti la asilikali linamupeza msilikaliyo wosalakwa.

Mu 1943 boma linabweretsa fomu yoti akuluakulu onse ayankhe. Funso la nambala 27 linkafunsa ngati munthu ali wokonzeka kukamenyera nkhondo America kulikonse komwe angatumizidwe. La nambala 28 linkafuna kuti alumbire kukhulupirika ku America n'kukana mfumu ya Japan. Kwa makolo aja unali msampha: America inawakaniza unzika, ndiye akakana Japan atsala a dziko liti? Kwa ana, kukana mfumu yomwe sanaigwadirepo kunali ngati kuvomera kuti kale ankaigwadira. Mabanja anagawanika, bambo kwina mwana kwina. Omwe anayankha kuti ayi anatchedwa osakhulupirika n'kutumizidwa ku Tule Lake, komwe anthu anafika poposa 18,000.

Anyamata ena anatuluka mumsasa n'kuvala yunifolomu ya boma lomwe linatsekera amayi awo. Gulu lawo la 442nd Regimental Combat Team, lomwe munalinso ambiri a ku Hawaii, linamenya nkhondo ku Italy ndi ku France, ndipo lili m'gulu la magulu olandira mamendulo ambiri m'mbiri ya asilikali a America. Mu Okutobala 1944 anapulumutsa asilikali 211 a ku Texas omwe anazingidwa ndi Ajeremani m'mapiri a Vosges, iwo n'kutaya anzawo ambirimbiri. Ena anasankha njira ina. Ku Heart Mountain anyamata 63 anakana kulowa usilikali, akuti mutibwezere kaye ufulu wathu ndi wa makolo athu. Anazengedwa mlandu mu 1944 n'kumangidwa, ndipo Pulezidenti Harry Truman anadzawakhululukira mu 1947. Ine sindingakuuzeni kuti wolimba mtima kwambiri anali uti.

Wina asandimve molakwika ngati ndikuyeretsa boma la Japan la nthawiyo. Asilikali ake anachita nkhanza zosaneneka ku China, ku Korea, ku Philippines ndi kwina. Nafenso nkhondo imeneyi inatikhudza: asilikali a KAR ochokera ku Nyasaland anakamenyana ndi asilikali a Japan m'nkhalango za ku Burma mu 1944, ndipo ena sanabwereko. Mwina ena a inu agogo anu anali komweko. Koma mayi wogulitsa letesi ku Seattle sanatume munthu ku Burma. Mlandu wake unali nkhope ndi dzina basi.

Analipo omwe anatengera nkhaniyi kukhoti. Fred Korematsu, mnyamata wa zaka 23 wowotcherera zitsulo wa ku Oakland, anakana kupita ndipo anagwidwa pa 30 Meyi 1942. Gordon Hirabayashi ndi Minoru Yasui anaswa malamulowo mwadala kuti makhoti awaunike. Onse anagonja. Pa 18 Disembala 1944 khoti lalikulu la dzikolo linagamula mlandu wa Korematsu mokomera boma, oweruza 6 kwa 3. Mmodzi mwa otsutsawo, Frank Murphy, anati chigamulocho chinali kuvomereza tsankho mwalamulo. Tsiku lomwelo khotilo linagamulanso mlandu wa Mitsuye Endo, mtsikana yemwe ankagwira ntchito ya ukalaliki m'boma la California. Iye anapatsidwa mwayi wotuluka yekha koma anakana kuti mlandu wake usafere panjira. Oweruza onse anati boma silingapitirize kutsekera nzika yomwe likuvomera kuti ndi yokhulupirika. Kuyambira mu Januwale 1945 anthu analoledwa kubwerera.

Kubwerera kuti? Aliyense ankapatsidwa madola 25 ndi tikiti ya sitima. Ambiri anapeza minda yomwe ankachita lendi ili m'manja mwa ena, nyumba zili ndi anthu, mosungira katundu mwathyoledwa. Kwina anawaotchera nyumba, kwina ogulitsa anakhoma zikwangwani zowakana. Ku Hood River, ku Oregon, gulu la asilikali akale linafufuta maina 16 a anyamata a Chijapani pachikwangwani cholemekeza asilikali a m'deralo, nkhondo ili mkati. Msasa womaliza mwa khumi ija, Tule Lake, unatsekedwa mu Malichi 1946. Lamulo la chipukuta misozi la mu 1948 linangobweza kagawo kochepa ka zomwe anthu anataya. Ku Seattle kuli hotela yotchedwa Panama komwe mabanja anasungitsa mabokosi ndi masutikesi m'chipinda chapansi. Ena mpaka lero ali pomwepo. Eni ake sanabwere kudzatenga.

Koma si oyandikana nawo onse omwe anadyera anzawo masuku pamutu. Ku Florin, pafupi ndi Sacramento, kunali mzungu wina, Bob Fletcher, yemwe ankagwira ntchito yoyendera zokolola. Anasiya ntchitoyo n'kutenga minda ya mphesa ya mabanja atatu a Chijapani, maekala 90, kuti aisamalire. Analima, analipira msonkho ndi ngongole zakubanki. Eni ake anamuuza kuti phindu lonse likhale lake, koma iye anatenga theka lokha, linalo n'kuwasungira kubanki. Sanagone m'nyumba ya eni munda, ankagona m'nyumba ya antchito. Anthu a m'deralo anamunyoza, ndipo wina anafika poombera mfuti pa nkhokwe ya pamundapo. Mabanjawo atabwerera mu 1945 anapeza minda yawo ndi ndalama zawo. Fletcher anamwalira mu 2013 ali ndi zaka 101.

Ku Bainbridge kuja, Walt ndi Milly Woodward, eni kanyuzipepala ka Bainbridge Review, anatsutsa kuchotsedwa kwa anzawo nkhondo yonse. Analemba ntchito achinyamata a mumsasa kuti azitumiza nkhani: wabadwa ndani, wakwatira ndani, wamwalira ndani. Otsala pachilumbacho sanapeze mpata woiwala kuti opitawo ndi anthu a pamudzi pawo, ndipo oposa theka anabwerera. Bwanamkubwa wa Colorado, Ralph Carr, ananena poyera kuti nzika za mtundu wa Chijapani zili ndi ufulu ngati wina aliyense, ndipo chaka chomwecho cha 1942 anagwa pachisankho. Anthuwa ndawatchula kuti wina asadzanene kuti nthawi imeneyo panalibe chochita.

Nkhondo itatha kunagwa chete. Makolo ambiri sankakamba za misasa. Manyazi anagwira olakwiridwa m'malo mogwira olakwa. M'Chijapani muli mawu oti shikata ga nai, ofanana ndi athu aja oti madzi akatayika saoleka, ndipo ambiri anangoweramira ntchito kuti ana aphunzire. Zidzukulu ndi zomwe zinayamba kufunsa mafunso ovuta. Mu Disembala 1969 gulu la achinyamata linapita ku Manzanar kukaona pomwe makolo awo anasungidwa, ndipo ulendo umenewo ukuchitikabe chaka ndi chaka. Mu Novembala 1978 a ku Seattle anachita tsiku loyamba lachikumbutso, n'kuyenda pamdipiti wa magalimoto kupita ku Puyallup, komwe anayamba kusungidwa. Masiku ano amakumbukira pa 19 Febuluwale.

Akuluakulu anati mlandu suola. Mu 1976 Pulezidenti Gerald Ford anafafaniza lamulo lija. Mu 1980 kunakhazikitsidwa bungwe lofufuza, ndipo mu 1981 anthu oposa 750 anapereka umboni, ena akulankhula za msasa koyamba pamaso pa ana awo. Lipoti lake, Personal Justice Denied, linati panalibe chifukwa cha nkhondo chochitira zimenezi, ndipo panalibe umboni wakuti Mjapani ngakhale mmodzi wa kumadzulo kuja anachitapo ukazitape kapena kuononga zinthu za boma. Linatchula zifukwa zitatu: tsankho, mantha a nkhondo ndi kulephera kwa atsogoleri. Ofufuza awiri, Aiko Herzig-Yoshinaga ndi Peter Irons, anapeza zikalata zoonetsa kuti boma linabisira khoti umboni, ndipo mu 1983 chigamulo chomupeza Korematsu wolakwa chinafafanizidwa. Pa 10 Ogasiti 1988 Pulezidenti Ronald Reagan anasaina lamulo lopepesa ndi kupereka madola 20,000 kwa aliyense amene anali moyo. Macheke anayamba kutuluka mu Okutobala 1990, ndipo olandira anaposa 82,000. Makolo ambiri aja, eni minda ndi mashopu, anali atagona kale.

Lero Manzanar ndi malo osungidwa ndi boma, anthu amakaona. Ku Bainbridge kuli khoma la maina, ndipo mawu ake a Chijapani, Nidoto Nai Yoni, amatanthauza kuti zisadzachitikenso. Ku Pike Place kuli zithunzi zojambulidwa ndi Aki Sogabe zokumbukira alimi aja. Mu 2022 kunatuluka chibuku chachikulu chotchedwa Ireichō, chokhala ndi maina 125,284 a anthu omwe anatsekeredwa, ndipo anthu amapita kukadinda kachidindo pafupi ndi dzina, kuti yemwe anasandutsidwa nambala atchulidwenso dzina lake. Zonsezi n'zabwino. Koma ndaona kuti pali maina a otengedwa, maina a osaina malamulo, maina a ochepa omwe anathandiza. Buku la omwe anagula motchipa kulibe. Iwo anangolowa m'nyumba zawo ndi firiji yatsopano, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsopano ndikuuzeni chomwe chandilembetsa zonsezi. Kwa zaka zinayi ndinagulitsa moyandikana ndi mayi wina wochokera dziko lina la muno mu Africa. Tinkabwerekana chenje, ndikapita kukaoda ankandiyang'anira benchi, ana ake ankalankhula Chichewa kuposa anga. Chaka china kunamveka kuti anthu ngati iye achoke pamsika, ndipo masiku anali owerengeka. Sindikuti nkhani yake ndi yofanana ndi ya 1942, ayi, iliyonse ili ndi mutu wake. Chofanana ndi ine. Mayiyo anali ndi sikelo yabwino yachitsulo yomwe ndinkaisirira kuyambira kale. Ananditchulira mtengo, mtengo wabwinobwino. Ine ndinayang'ana kumbali n'kunena kuti, asisi, ndalama zavuta, n'kutchula yosafika ndi theka lomwe. Ndalama ndinali nazo m'chikwama cha m'chiuno. Ndinkadziwa kuti sangadikire wogula wina. Anandiyang'ana kanthawi, n'kulandira ndi manja awiri, n'kuti zikomo asisi.

Sabata isanathe benchi lake linali ndi mwini wina. Nambala yake inasiya kugwira. Sikeloyo ndi yomwe ndimayezera nyemba mpaka lero, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkadziuza kuti ndinamuthandiza, poti ena sakanamupatsa ndi zomwezo. Ndikukhulupirira kuti wogula golosale ya ku Oakland uja ankadziuzanso zomwezo. Nditawerenga za Bob Fletcher ndinasowa tulo. Iye anasunga maekala 90 kwa zaka zitatu. Ine ndikanatha kunena kuti, asisi, siyani sikeloyi ndikusungireni, kapena kungolipira mtengo wake basi.

Ndili ndi kabuku komwe ndimalemba ondikongola. Patsamba lomaliza ndalembapo dzina lake ndi ndalama yotsalayo, ndipo katundu akakwera mtengo ndimaikweza nayonso. Ndafunsa kwa anthu awiri omwe ankapemphera naye, mmodzi wati andifufuzira. Boma la America linatenga zaka 46 kuti lipepese. Ine ndikupempha Mulungu kuti zanga zisafike pamenepo.

Ngati pali wina pagulu pano yemwe agogo ake anapita ku Burma, tiuzeni m'makomenti zomwe ankakamba, ndikufuna kumva. Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli kanthu komwe munagula kwa munthu wothawa, mukudziwa nokha mtengo womwe munalipira. Ine ndanena wanga.